Mkono wa Diresi Langa Lobiriwira

Lolemba

Kodi inu munamvapo zoti mtsikana akakonda mwamuna amadula mkono wa diresi lake n'kumupatsa? Ine ndazimva lero! Ndikukolopa m'chipinda cha Noura, mwana wa madam anga kuno ku Doha, iye ali pa class ya pa laptop poti masukulu anatseka ndi korona. Aphunzitsi akuti kalekale ku Ulaya kunali asilikali okwera pa mahatchi, ovala zitsulo mpaka kumaso, ati ma-knight. Mtsikana sankavutika ndi kulankhula. Ankangopereka mkono wa diresi, kapena riboni, kapena katsitsi pang'ono, mwamunayo n'kumanga pachipewa chake, ulendo kunkhondo. Ndaima kukamwa yasa mpaka madzi a mopu afika pa kapeti.

Anthu amenewa ankaganizira amanyazife!

A Masauso a ku Chipata, amene amabweretsa ma-order a madam panjinga yamoto:
- helmet ali nayo
- hatchi ali nayo, yapetulo
- nkhope yawo sindinaione yonse, mask basi

Auza Anti Esnart, ophika athu, kuti Lamulungu ndi tsiku lawo lomaliza. Lamulo latsopano likulola kusintha ntchito osapempha abwana, ndiye akukakhala security ku West Bay, mbali ina ya mzinda uno. Ine ndikawaona lilime limauma gwa. Koma asanapite ayenera kudziwa.

Lachiwiri

Ndadula! Diresi langa lobiriwira lakutchalitchi, mkono wamanzere. Ndalipachika, likuoneka ngati lachita ngozi pa minibasi. Ndalira pang'ono.

Ndadikira pageti dzuwa likuswa mutu. Wabwera wanjinga wina, wa ku Nepal. Mkono wabwerera m'thumba.

Lachitatu

Ndaganiza kuti mkono wokha ndi umphawi. Aphunzitsi anatchula zitatu. Ndameta katsitsi ka kunkhongo, ndakulunga mumkonomo, ndamanga ndi riboni yofiira, mfundo zolimba kuti kasagwe.

Madam salola kuyandikira munthu wakunja, zinthu timasiya patebulo la pageti. Ndaika pamenepo, ndabisala kuseri kwa thanki. A Masauso afika. Aona. Ayang'ana uku ndi uku. Atenga ndi zala ziwiri, mwaulemu kwambiri!

Mawa ukhala pa helmet. Dera lathu lonse la Fereej Al Murra liona.

Lachinayi

Mayo ine!

Pa helmet palibe kanthu. A Masauso chakudya achita kukankha ndi phazi, n'kukaima kutsidya kwa msewu. Akuwa kwa Anti: "Mayi, nyumba ino ndinailakwira chiyani? Nsalu yomanga mfundo, m'kati tsitsi la munthu! Nditangochoka pano tayala linaphulika!"

Akuti usiku sanagone, mwendo ukuyenda zinthu. Aimbira kale amayi awo ku Chipata, kumeneko mpingo wayamba kusala kudya.

Mpingo wonse. Kusala. Chifukwa cha ine.

Ku Ulaya kuja kunalibe afiti kapena? Aphunzitsi aja bwanji sanachenjeze?

Lachisanu

Anti awaza mchere pageti. Madam akuona ngati ndi njira yathu yophera korona, akuti "zain, zain", kutanthauza kuti zili bwino, tiwonjezere.

Anti akuganizira wantchito wa nyumba yoyandikana nayo. "Amaseka ndi mano onse ameneuja, ndinamuona kale." Mayi wosalakwa, dzulo lomweli anandiponyera mango pampanda.

Kenako foni. Chithunzi cha mkono wa diresi langa chili pa group ya Amalawi a ku Doha! Ndemanga:
- "Konda ine ameneyu, wa ku Nsanje weniweni"
- "Anadutsa naye bwanji pa airport?"
- "Mwini tsitsi amadzola mafuta abwino koma"
- "Nsaluyi ndinaionapo penapake"

Womalizayu andiyalutsa! Ndathamanga, ndadulanso mkono wamanja kuti diresi lioneke ngati anasoka choncho. Tsopano likungokhala ngati vesiti.

Loweruka

Anti posesa apeza mkono wachiwiri pansi pa matiresi anga. Kukuwa kwake! "Alowa m'nyumba! Afika pa mwana!" Andigwira mutu, ayamba kudzudzula ziwanda. Ali pakati pa pemphero dzanja lafika kunkhongo kwanga, pamene ndinameta paja.

Pemphero laima.

Atsegula kabati. Ayang'ana diresi, ayang'ana ine. Ndafotokoza za ma-knight, maso ali pansi. Aseka mpaka akhala pa matailosi, mask yanyowa ndi misozi. "Iwe mwana, pakamwa anakupatsiranji Mulungu? Kwathu ukafuna mwamuna umamufunsa ngati wadya. Iwe ukumutumizira tsitsi?"

Akuti mawa ndikanena ndekha, apo ayi alemba pa group. Wa mango uja akamupepesa okha.

Lamulungu

Afika. Anti andikankhira kugeti ngati mbuzi yokana dibi. Ine pano, iwo apo, tebulo pakati. Ndanena zonse mpweya umodzi: Ulaya, mahatchi, helmet.

A Masauso afunsa: "Ndiye tayala lija unali msomali chabe?"

Mkono anauwotcha kuseri kwa camp yawo, anzawo akuimba nyimbo za chitsitsimutso. Apepesa. Akuti amayi awo sawauza, alimbikira kale kusala, angakhumudwe. Akwera njinga, atembenuka. "Mlongo, mukanangopempha nambala, ine ndikanapereka."

Ndikuti nditsegule pakamwa, foni yawo yalira, order ina. "Yalla, ndapita, tsalani bwino!" Fumbi.

Ati ndikanapereka. Ndiye osangopereka bwanji? Inenso osangopempha bwanji? Khalas, zatha basi. Ku West Bay ma-security ndi ambirimbiri, onse a mask, ndipo ine ndimawadziwa maso ndi helmet basi. Helmet-yo akubweza lero.

Noura akuti mawa akuphunzira za amene ankafa ndi chikondi. Ndamuuza Anti kuti chipinda chimenecho azikolopa iwo.

Ndilekeze pano, amayi akuimba video kuchokera ku Ntcheu. Akuti ndivale diresi lobiriwira lija aone ngati ndanenepa. Ndikasake juzi kaye, kunja kukutentha ngati uvuni.