Anankafumbwe a Che Ajibu

Nkhani iyi akazi anga amaikamba mokoma kuposa ine, koma amathiramo zawo, ndiye ndaona kuti ndiikambe ndekha mmene inachitikiradi. Ndinakhalapo katswiri wofufuza za sayansi kwa masabata awiri. Ukatswiriwo unakathera pansi pa tebulo.

Masiku amenewo sitima ya pamtunda inali idakali chinthu choti anthu n'kupita kukaonerera ku Limbe, ndipo galimoto za mu Blantyre munthu ankazidziwa zonse ndi kulira kwake. Ine ndinali kalaliki pa kampani ina yogula fodya ndi tiyi, chakufupi ndi ku Boma. Ndinali nditangokwatira kumene, tikukhala ku Soche, ndipo Chingerezi changa cha ku mishoni ndinkachinyadira kwambiri (ngakhale nkhuku ndinkazipirikitsa m'Chingerezi). Mkulu wa pa ofesi tinkawatcha Bwana Chipewa, chifukwa chipewa sankavula ngakhale ali m'kati.

Tsiku lina kunabwera chikalata chochokera ku Zomba. Boma linali litakhazikitsa mphoto ya dziko lonse, mendulo ndi galasi lokuzira tinthu tosaoneka bwino ndi maso, yoti ipite kwa munthu amene wafufuza yekha chinthu chatsopano chothandiza pa ulimi kapena pa umoyo wa anthu. Lamulo lake linali loti munthu asadzitchule yekha. Pakhale wina womutchula, alembe dzina lake ndi zimene wapezazo. Chikalatacho chinati munthu aliyense wokhala m'dziko muno angathe kutchulidwa. Ndikukhulupirira kuti wolembayo sankaganiza kuti ife tiwerenga, koma ine ndi amene ndinachikhoma pakhoma, ndipo ndinachiwerenga kawiri.

Pomwepo ndinakumbukira Che Ajibu. Anali mnzawo wa malemu bambo anga, Msilamu wogulitsa nyemba ndi nandolo pafupi ndi siteshoni ya ku Limbe. Anthu ankawaseka kuti amaweta anankafumbwe, ndipo zinali zoona. Kuseri kwa sitolo yawo kunali mzere wa miphika yomata ndi dothi pakamwa. Mumphika uliwonse ankathiramo nyemba za muyeso umodzi pamodzi ndi anankafumbwe owerenga. Mphika wina ankauthira phulusa, wina tsabola, wina masamba a fodya, wina ombwe uja ena amaphera nsomba, ndipo umodzi ankausiya wopanda mankhwala kuti aziyerekezera. Loweruka lililonse ankakhuthula, n'kuwerenga amoyo ndi akufa, n'kulemba m'buku lawo m'zilembo za Chiarabu. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene anapeza n'chakuti ombwe woumira pamthunzi amateteza nyemba mpaka dzinja, koma woumira padzuwa amatha mphamvu.

Nditawauza za mphotoyo anangoti azungu ali ndi anankafumbwe awo. Ndinawanyengerera masana onse. Pomaliza anavomera, koma anati mendulo alibe nayo ntchito. Chimene ankafuna ndi galasilo, kuti aone bwino mazira a tizilomboto asanamwalire.

Fomu yake inali ndi mizere iwiri pamwamba, wa wotchula ndi wa wotchulidwa. M'Chinyanja mawu awiriwa savuta, koma m'Chingerezi amangosiyana kumchira, ndipo ku mishoni sitinafike pamenepo. Bwana Chipewa anali m'chipinda chachiwiri, chitseko chili chotsegula. Kufunsa sikukanatenga nthawi. Koma sabata yomweyo ndinali nditaseka kalaliki mnzanga chifukwa chofunsa tanthauzo la liwu lina, ndiye ndinangoyang'anitsitsa mawu awiriwo, n'kuona kuti lalitalilo ndi limene likuoneka lolemekezeka, n'kuikapo dzina la Che Ajibu. Langa ndinaika pa lalifupilo, modzichepetsa. M'munsi mwake ndinataipa masamba atatu ofotokoza za miphika, osatchula dzina la munthu, kumangoti “wofufuzayu”, monga amalembera anthu ophunzira. Che Ajibu anasaina pamene ndinawalozera.

Patapita mwezi, Bwana Chipewa anandiitana ali ndi kalata m'manja. Kalatayo inati ine ndili m'gulu la anthu ochepa amene kafukufuku wawo wasankhidwa, ndikaonekere kwa oweruza ku holo ya m'tauni Lachisanu la sabata inayo. Inathokozanso Ajibu wa ku Limbe chifukwa chonditchula. Ndinaona pomwepo chimene chinalakwika, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Ndiye Bwana anaimirira, n'kuvula chipewa, n'kundigwira chanza. Zaka zitatu ndikugwira ntchito pamenepo, mutu wawo ndinauona tsiku limenelo (anali ndi dazi). Pakamwa panga panatsekeka pokha.

Ndinadziuza kuti ndikonza mawa. Mawa lake makalaliki anzanga anandisiyira mpando wa pazenera. Lamulungu mkulu wa mpingo analengeza m'tchalitchi kuti mwana wa pa Soche pano waitanidwa ndi akatswiri, anthu onse n'kutembenuka kundiyang'ana. Akazi anga okha ndi amene sanatembenuke. Tili m'njira anandifunsa kuti kafukufukuyo ndimachitira kuti, popeza nyumba yonse amasesa ndi iwo ndipo sanaonepo mphika wachilendo. Ndinati nkhani za sayansi n'zovuta kufotokozera munthu wamba. Iwo anati palibe kanthu, amva Lachisanu.

Kwa Che Ajibu ndinakanena zoona zochepa chabe. Ndinati azungu akufuna kuona miphika ndi buku, koma pakufunika woyankhula Chingerezi, choncho iwo asavutike, atsale pasitolo. (Maganizo anga anali oti ndikalandira mphoto, galasi ndidzawapatsa iwo, ine n'kutsala ndi mendulo. Panthawiyo ndinkaona ngati ndagawa bwino.) Iwo anati miphika yawo siyenda popanda iwo. Masiku otsalawo ndikaweruka ndinkapalasa njinga mpaka ku Limbe kukawafunsa mafunso ngati mwana wasukulu, n'kumaloweza mayankho pobwerera. Iwo ankayankha mokondwa, poganiza kuti mwana wa mnzawo wayamba kukonda ntchito yawo.

Lachisanu mkamwini wawo anatinyamula pa lole ya thonje, ife ndi miphika isanu. Ine ndinavala jekete lobwereka kwa mkulu wa mpingo uja. Pakhomo pa holo mlonda anayang'ana pepala, n'kundilowetsa ine pamodzi ndi miphika, n'kuuza Che Ajibu kuti onyamula katundu adikire pakhonde. Iwo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana miphika.

Oweruza analipo atatu: dokotala, mkulu wa zaulimi wochokera ku Zomba, ndi m'busa wachizungu wokalamba amene Chinyanja ndi Chiyao ankayankhula ngati wobadwira konkuno. Patebulo panali poyala nsalu yoyera, pali makapu a tiyi. Poyamba zinayenda. Ndinafotokoza za mthunzi ndi dzuwa, dokotala n'kumagwedeza mutu. Kenako wa zaulimi anafunsa kuti nankafumbwe wamkazi ndimamusiyanitsa bwanji ndi wamwamuna. Limeneli sindinaloweze. Ndinati wamkazi amayenda pambuyo. Mkuluyo analemba kanthu papepala lake, ndipo sanandiyang'anenso kumaso.

Atatero anapempha kuti ndiwaonetse nyemba za mumphika wa ombwe wa pamthunzi. Mphika uliwonse unali ndi chizindikiro, koma cha Chiarabu. Ku Limbe ndinkaidziwa ndi malo ake, wa ombwe unali woyandikana ndi mtengo wa papaya. M'holo munalibe papaya. Ndinasankha mphika wooneka waukhondo, n'kuchotsa dothi lomatira, ndipo pofuna kuonetsa kuti sindikukayika, ndinaukhuthula wonse pansalu yoyera ija.

Unali mphika wopanda mankhwala uja. Nyemba zinali zitasanduka ufa ndi makoko, ndipo ufawo unayamba kuyenda. Anankafumbwe anabalalika tebulo lonse, ena m'mapepala, ena m'shuga, ena kugwera pansi, ena kukwera m'mkono wa malaya a dokotala. Wa zaulimi ananyamula kapu yake m'mwamba n'kuigwira chomwecho. Palibe anakuwa. Bola wina akanakuwa.

M'busa uja anatenga buku la Che Ajibu, n'kulisasa, n'kundipatsa kuti ndiwerenge zimene zinalembedwa za mphika umenewu. Ndinalitsegula kuyambira kumene ife timayambira, komwe m'Chiarabu n'kumapeto, n'kupeza masamba opanda kanthu. Anandisiya ndivundukule atatu. Kenako anafunsa m'Chinyanja, motsitsa mawu.

“Mwana wanga, bukuli ndi la yani?”

“Eni ake ali pakhonde, abusa.”

Che Ajibu atalowa sanayang'ane azungu, anayang'ana tebulo. M'busa anawafotokozera m'Chiyao zonse zimene zinali pafomu ndi m'kalata, ine nditaima pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope osasintha. Kenako anatembenukira kwa ine.

“Atoleni onse. Ndi owerenga amenewo.”

Choncho kwa ola lathunthu Che Ajibu anali chiimire kufotokoza ntchito yawo, m'busa akumasulira, wa zaulimi akufunsa mafunso mpaka kupempha pepala lina. Ine ndinali chogwada pansi pa tebulo, jekete la mkulu wa mpingo lili m'thupi, ndikutola anankafumbwe pakati pa nsapato za azungu n'kumawaika m'kapu. Ndili pansi pomwepo ndinamva mmene wamkazi amasiyanirana ndi wamwamuna. Sizikhudza kayendedwe.

Oweruza anati ntchito ya Che Ajibu ndi yeniyeni, koma dzina lawo silingalowe, popeza pafomu sanali wotchulidwa ndipo nthawi yolandira mayina inali itatha. Mphoto inadzapita kwa mzungu wina wofufuza matenda a mizu ya tiyi. Galasi lija Che Ajibu sanalipeze, ndipo wochititsa ndinali ine. (Wa zaulimi uja anadzafika ku Limbe mwezi wotsatira atatenga galasi lake, Che Ajibu n'kuona mazira awo masana amodzi. Zimenezi sizichotsa mlandu wanga, ndangozitchula.) Bwana Chipewa sanandichotse ntchito, anangondibwezera pampando wa kuseri kwa chitseko. Kutchalitchi ndinaimirira ndekha kukonza chilengezo chija, akazi anga atandiuza kuti ndikapanda kutero aimirira ndi iwo.

Koma chondipweteka kwambiri chinanenedwa pa lole, tikubwerera tsiku lomwelo. Che Ajibu anali atafukata mphika, ndipo anayankhula titatsala pang'ono kulowa mu Limbe.

“Mukanandiuza kuti mukufuna mendulo, ndikanakupatsani,” anatero. “Koma kundisiya pakhonde, bambo anu sakanatero.”

Ndinapepesa. Anati amva, n'kuwonjezera kuti kapu ya anankafumbwe ija yapepuka, ena akusowa.

Loweruka m'mawa akazi anga akukuntha jekete kuti likabwezedwe, anapeza anankafumbwe m'matumba ndi m'mphepete mwa kolala. Anawaika m'bokosi la machesi n'kundiuza kuti jekete apititsa okha, ine ndikapereke ziweto kwa eni ake. Ndinapalasa mpaka ku Limbe. Ndinawapeza Che Ajibu kuseri kwa sitolo, buku lili pamwendo, akuwerenga monga mwa nthawi zonse. Anakhuthulira bokosilo pachikhatho, n'kumawakankha mmodzimmodzi ndi kachitsotso kulowa mumphika. Atafika pa womaliza anaima, n'kumuyandikizitsa kumaso.

“Uyu si wanga. Taonani mlomo wake wautaliwu, ndi wa chimanga. Ndi wa kunyumba kwanu ameneyu.”

Anamubwezera m'bokosi n'kundipatsa, ine n'kulandira ndi manja awiri. Ndinabwerera naye ku Soche ali m'thumba la malaya. Ndikanatha kumutaya m'njira, koma sabata imeneyo ndinali nditasiya kudzikhulupirira pa nkhani yosiyanitsa changa ndi cha eni. Zofunsa ndikakayikira ndinaphunzira ndithu, ngakhale mpaka lero ndimayamba ndaunguza kaye ngati pali wina amene akumva.