Makatalisiti Pambali pa Mgolo

Pa 9 Juni, anthu makumi asanu ndi limodzi anasonkhana pa chigayo cha m'mudzi wina kudzaona zodabwitsa. Chigayocho chinali chitaima miyezi itatu chifukwa chosowa dizilo, ndipo manja a amayi anali atachita matuza ndi munsi. Mayi Firida Chimtengo, wokazinga zitumbuwa, anathira mu mgolo mafuta a nsatsi, kachasu wamutu ndi phulusa la makoko a nthochi, lomwe lija timachezera chidulo. Anatakasa, anasefa, anathira mu injini ya chigayocho, ndipo inalira.

Mlangizi wochokera ku boma anafotokoza kuti phulusalo ndilo katalisiti: chinthu chofulumizitsa ntchito, koma icho chosatha, chosasintha.

Bambo Kadzamira, amene akhala pampando wa komiti ya chitukuko zaka makumi awiri osatha, osasintha, anaimirira misozi ili lengelenge.

"Abale anga, akunena ine."

Sabata isanathe, kunabadwa Bungwe Lalikulu la Makatalisiti, la amuna khumi ndi awiri, wapampando wake, Katalisiti Wamkulu, ali Bambo Kadzamira. Mgolo anaulanda n'kuutsekera m'shedi. Phulusa analiletsa poti limadetsa masuti. Mayi Chimtengo anauzidwa kuti sayansi si ndiwo zamasamba.

"Nanga mafutawo asanduka bwanji dizilo, bambo?" anafunsa mayiwo.

"Tikhala pambali pake, mayi. Katalisiti satuluka thukuta. Amangopezekapo."

Anapezekapodi, masiku khumi athunthu. Chimene chinafulumira ndi kachasu, amene anatha pomuyesa ngati ali woyenera. Mafuta anakhalabe mafuta. Bungwe linagamula kuti vuto ndi kutalikira, choncho linasendeza mipando. Wachiwiri kwa Katalisiti Wamkulu anadzipereka mpaka kuviika chala. Zitakanikabe, wapampando anakumbutsa anthu kuti mutu umodzi susenza denga, nawonjezera mitu ina isanu ndi umodzi. Kuseri kwa shediyo mitondo inkalirabe.

Tsiku lotsatira Mayi Chimtengo anafika ndi nsalu yosefera ndi mtolo wa nkhuni, nagwada pakhomo mwaulemu wonse.

"Olemekezeka, mlangizi uja sanamalize. Ntchito ikatha, katalisiti timamusefa, kumuchotsa, n'kumuwotchanso kuti akagwire ina. Ndiyambe ndi ndani?"

Mipando khumi ndi isanu ndi itatu inagwa chagada. Aka kanali koyamba kuti bungwelo lifulumire, koma pothawa silinaiwale kukhoma loko.

Choncho inu Makatalisiti, kulikonse kumene mwabisala: bwezani kiyi kwa mwini mgolo Lachisanu lisanafike. Apo ayi, bwerani mudzasefedwe.