Kapu ya kuseri kwa mtsuko

"Kuyambira lero Hawa si mkazi wanunso, ndi mayi anu! Muziwapatsa moni mutagwada!"

Anakuwa choncho ndi alamu anga, Abiti Saidi, akulu ake a mkazi wanga, ataima pakati pa bwalo, mwana wathu akulira kumsana kwawo. Ine ndili chiimire, kapu ya tiyi ili m'manja. Yopanda kanthu.

Ndiyambe poyambira. Mkazi wanga Hawa amachapa zofunda pa hotela ina cha ku Makokola. Mwana wathu Shakira atakwanitsa miyezi inayi, Hawa anabwerera kuntchito, alamu n'kumabwera kudzalera masana. Mpaka apo panalibe vuto.

Vuto linali kapu. M'mawa uliwonse Hawa ankalowa kuchipinda, n'kutseka chitseko, n'kukhalamo nthawi ndithu. Potuluka, kapu yovindikira ili m'chitenje. Ankaiika m'beseni la madzi kuseri kwa mtsuko. Tsiku lina ndinamva ndi makutu angawa akuwanong'oneza alamu kuti, "Bambo ake asaione."

Ine ndine munthu wa Fomu Folo (satifiketi sinatuluke bwino, koma mayeso ndinalemba). Sindipusitsidwa. Ndinayamba kuphatikiza zinthu. Chibadwire mwanayu ndatunga madzi kumjigo kawiri, ndasesapo pakhomo, ine amene. Kodi si mankhwala amenewa, oti mwamuna azingoti inde? Anzanga a pa bawo onse anavomereza, panalibe wotsutsa.

Lachitatu sindinapite kudoko kukagula usipa. Ndinati mutu ukundipweteka. Alamu atapita kumjigo mwana ali mtulo, ndinavundukula kapu ija ndikuyembekezera kupeza mizu. Mkaka! Mwezi wathunthu ndikumwa tiyi wakuda, akundiuza kuti mkaka wadula, pomwe iye amasungunula wa ufa kuchipinda kuti mkulu wake azimwa masana? Nanga akumupatsa ndani? Nthawi yomweyo ndinakumbukira wophika wa ku hotela kuja, wa ndevu zometa bwino, amene amandipatsa moni mopitiriza muyeso.

Ndinawiritsa madzi, ndinathira masamba, ndinakhuthuliramo mkaka wonse. Ndinamwa mokwiya. Unali wopyapyala, wotsekemera pang'ono (mumtima ndinati wophikayo ndi woumira, amapereka wochepa mpaka kumachita kuusungunula chonchi).

Dzuwa litakwera Shakira anadzuka ndi njala. Alamu anapita kuseri kwa mtsuko, anayang'ana m'beseni, kenaka anayang'ana ine.

"Alamu, mkaka wa mwana uli kuti?"

"Kafunseni amene amaugula."

"Kugula? Wa m'mawere amagula? Hawa amafinya m'mawa uliwonse kuti mwanayu azimwa iye ali kuntchito!"

Apa m'pamene anakuwa mawu aja. Ife Asilamu tonse tinakula tikumva kuti woyamwa mkaka wa mayi wina amasanduka mwana wake, ndipo mwana sakwatira mayi ake. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wa nikaha, n'kuthera m'kapu ya tiyi.

Munthu ngati ine manyazi akandigwira ndimakuwa. "Mpatseni madzi! Mphikireni phala!"

"Yesani kum'patsa madzi muone. Miyezi isanu ndi umodzi ndi bere lokha, anatero kusikelo. Mwaiwala Yusufu, mwana wanu wamkulu uja? Munakakamiza phala ali ndi miyezi iwiri, tinagona naye kuchipatala masiku angati akutsekula m'mimba? Uyu munamuonapo akudwala?"

Sindinamuonepo.

Njira inatsala imodzi. Ndinatulutsa njinga, alamu pakaliyala, mwana kumsana, dzuwa la Okotobala pamutu. Alamu si munthu wochepa thupi. Pageti la hotela mlonda anangofunsa kuti kwagwanji, iwo anamufotokozera zonse, mokweza, mpaka za masamba a tiyi. Hawa anatuluka manja ali thovu, anakhala pansi pa mtengo, anamuika mwana kubere. Kulira kunatha pomwepo. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero.

"Ndimabisa chifukwa ndimakudziwani," anatero osandiyang'ana. "Mukanati ndi zonyansa. Mukanakuwa kuti ndisiye ntchito."

Ndinafuna kukana, koma ndi zomwe ndikananenadi. Ndinamufunsa chapansipansi ngati za ukwati zija n'zoona. Iye anangoti, "Khala bwino mwana wanga, usalire," ndipo sindinadziwe ngati akuuza Shakira kapena ine.

M'mawa mwake, itatha swala, ndinatsalira mumzikiti mpaka onse atatuluka.

"Shehe, ndikufunsira mnzanga wina. Anamwa mkaka wa m'mawere wa mkazi wake, mosadziwa."

"Mnzanuyo ali ndi zaka zingati?"

"Makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndikuganiza."

Shehe anasisita ndevu nthawi yaitali kuposa mmene funsolo limafunikira. "Lamulolo ndi la mwana wosapitirira zaka ziwiri. Ukwati ulipo. Koma mukamuuze mnzanuyo kuti popeza njira ya ku hotela waidziwa, masana azipititsa mwana kwa mayi ake. Ndipo tiyi azimwa wakuda."

Za hotela ine sindinatchule. Za tiyi sindinatchule. Mwana ndikumapititsa, inde, koma amene anawauza Shehe ndim'peza.