Mabiti a ba Chanda

Lolemba

Ba Chanda, mwini wekishopu, apita ku Kitwe sabata yonse. Makiyi a kabati asiyira ine, munthu amene akali pa nthawi yoyesedwa ntchito! Mukabatimo muli bokosi la mabiti atsopano oboolera zitsulo, ochokera kunja, achikasu ngati golide. Akuti si penti ayi. Ndi kakhungu kolimba, kopyapyala kuposa tsitsi. Kufakitale amasandutsa chitsulo china kukhala nthunzi m'chipinda chopanda mpweya, nthunziyo n'kumatirira pa biti kuti isathe msanga.

Malamulo awo: osanola, osabwereketsa, osatulutsa pageti.

Madzulo apongozi aamuna a ku Chilenje aimba foni. Geti yawo ikufunika mabowo. Mayi a Chisomo, mkazi wangayu, anawauza kale kuti wekishopu yonse ili m'manja mwanga. Pakamwa pa mkazi ameneyu!

Lachiwiri

Apongozi ungawakanize bwanji? Ndawapititsira biti imodzi, nditakulunga m'kansalu. Ndati mabowo okhawo basi, mawa ndidzatenga.

Lachitatu

Ndafa ine.

Biti yabwerako yoyera mbee ngati supuni. Apongozi chipumireni pa ntchito amanola chilichonse chimene chawayandikira, mipeni, makasu, sizasi, ndipo ali ndi kagalayinda kawo ka magetsi.

"Inali na nguwe ya yelo, mwana wanga, nachosa yonse. Ba bwana bako bazakondwela."

Kakhungu kachikasu kaja iwo anakayesa dzimbiri! Ndaomba m'manja, ndathokoza. Nanga ndikanatani, ndiwauze bambo a mkazi wanga kuti awononga? Andipatsanso mapeyala.

Lachinayi

Zimene ndayesa lero:
- penti yopopera ya golide. Ikuoneka bwino ukaima patali. Bowo loyamba, yasupuka yonse.
- penti ya zikhadabo ya mayi a Chisomo. Biti ikununkha ngati saluni.
- m'mashopu a m'tauni. Achikasu alipo mbwee, koma alibe chizindikiro cha fakitale, ndipo ba Chanda chizindikirocho amachipsompsona.

Wogulitsa wina akuti ndiviike mu binzari, ufa wachikasu wothira m'ndiwo uja. Ndaseka. Kenako ndafunsa kuti kwa nthawi yaitali bwanji.

Chakudya sichikulowa. Ntchito iyi ndinaisaka mpaka nsapato kutha.

Lachisanu

Nzeru zabwera! Chitsulo chikatenthedwa pang'onopang'ono chimayamba chachita chikasu, izi ndimazidziwa. Ndatenga biti yachiwiri m'bokosi kuti ndizifananizira mtundu kunyumba. Kungofananizira chabe, ndikulumbira.

Pakhonde, mbaula, pulayazi m'manja, biti yoyera ija ili pamoto. Chikasu chikubwera, chikubwera, chafanana ndithu! Pomwepo a neba akusuzumira pampanda kufunsa ngati magetsi abwera kwathu. Ndacheuka kamodzi kokha. Pobweza maso, biti ili buluu.

Buluu sabwerera m'mbuyo. Yafewanso, moti ingaboole buledi basi.

Ndaulula zonse kwa mayi a Chisomo. Ayankha kuti zimenezi zisafike m'makutu mwa adadi awo, ali ndi BP.

Loweruka

Pulani: mawa kubweza yachiwiri m'bokosi, ya buluu kuibisa pansi penipeni, n'kumapemphera.

Apongozi abwera kuno ku Kabwata kudzaona adzukulu, chikwama chili paphewa. Mayi a Chisomo andituma kukagula nkhuku kumsika. Biti yachiwiri ndaisiya pamwamba pa TV, poti palibe mwana amafikirapo.

Pobwerako, ndisanalowe n'komwe pageti, ndikumva kulira kwa galayinda. Ndathamanga nkhuku ikukupiza mapiko m'khwapa. Mipeni yathu yonse ili ndandanda pamphasa, ikuwala. Kumapeto kwake, biti.

"Iyi nayo inali inayamba kudwala," atero apongozi. "Ku nchito kwanu simusamala visulo."

Mayi a Chisomo ali kumbuyo kwawo, akunditong'olera maso kuti ndisayerekeze. Ndaombanso m'manja. Nkhuku yathawa.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve kalikonse. Kwaya ikuimba, ine ndikungoona bokosi lija.

Masana ba Chanda aimba foni ali m'basi. Ali ndi chimwemwe. Mawa m'mawa kubwera makasitomala akuluakulu kudzaona mabiti aja akugwira ntchito, ndipo bokosi ndikalitsegula ndine, pamaso pawo, chifukwa m'wekishopu monse munthu wosamala zinthu ndi ine ndekha. Akuti tikatero tikambirane zondilemba ntchito mokhazikika.

Ndati chabwino bwana, muyende bwino.

Ovolosi ndachapa, ndasita. Sindipentanso kanthu, sinditenthanso kanthu. Ndatopa.

Apongozi anagona konkuno, ndiye ndawaperekeza kokwerera basi, chikwama cha galayinda chili paphewa panga. Akuti maoda onola akuwachulukira masiku ano, miyendo ndiye ikukana. Ndawafunsa ngati safuna munthu wowanyamulira chikwamachi kuyambira Lachiwiri. Aseka mpaka kutsokomola, ati mkamwini wawo ndi wanthabwala.