Madiresi a pa Ukwati wa Mlamu Wanga

Ukwati wa mlamu wanga Esinati unayenda bwino, ndipo mpaka lero iye ndi mwamuna wake akukhala mwamtendere. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa mukapita kunyumba kwawo ku Nyimba, zithunzi za tsikulo simuzipeza pakhoma. Zili pansi pa sutikesi, ndipo wochititsa ndine.

Ine ndine telala pamsika wa Petauke. Esinati, mng'ono wa mkazi wanga, ankagwira ntchito ku Lusaka, ndipo anandipatsa ulemu wosoka madiresi a atsikana omuperekeza. Nsalu anatumiza pabasi, yobiriwira bwino, ina yochepa yoyera yokongoletsera. Sitayilo yake anati watumiza pa imelo. Masiku amenewo mafoni athu anali ongoimbira ndi kuunikira, choncho ndinavala jekete n'kupita ku kafe ya intaneti ya amai Mwanza kufupi ndi boma.

Amai Mwanza ananditsegulira imelo, nandionetsa pomwe ndidine kuti fayilo itsike. Inatsikadi. Nditaidina kuti itseguke, panabwera tsamba loyera mbee. Ndinadikira mwaulemu ngati mlendo, koma palibe chinatuluka. Ndinadinanso, fayilo n'kutsikanso kachiwiri. Ndinadina mwamphamvu (makina anga osokera akanyanyala amamva mphamvu, ndiye ndinkayesa n'chimodzimodzi), ndipo panatuluka tizilembo tosadziwika todzaza tsamba lonse ngati nyerere zagwera mu shuga.

“Amai, mlamu wanga walemba Chichaina kapena?”

Amai Mwanza anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Anayesa pawindo lina la intaneti. Anapukusa mutu.

“Bambo, fayilo yanu ilibe vuto. Kompyuta iyi ndiye ilibe pulogalamu yotsegulila. Wokonza abwela mailo kuchoka ku Chipata. Mubwele mailo.”

Mawu akuti “mailo”, kutanthauza mawa, ndimawadziwa bwino, chifukwa ndi amene ine ndimauza makasitomala anga. Sindinawakhulupirire. Amai Mwanza atatembenukira kumakina a fotokope, ndinaona kuti pansi pa windo pali malo osonyeza zonse zimene zatsika. Ndinayamba kudina chimodzichimodzi. China chinakana, china chinali chikalata cha feteleza, kenako mwadzidzidzi chithunzi chinatseguka: atsikana ataima pamzere akumwetulira, madiresi ofika m'mawondo, kutsogolo kaepuloni koyera ka mphonje, kumutu kachipewa koyera.

Nsalu yoyera ija inandibwerera m'mutu. Ndinati basi, ndi chimenechi. Zoti kompyutayo imagwiritsidwa ntchito ndi Petauke yense, ndipo aliyense amasiyamo zake, sizinandifike n'komwe. Ndinasindikiza pepala langa ndikunyada, ndikuwamvera chisoni amai Mwanza ndi wokonza wawo wa ku Chipata.

Madzulo Esinati anaimba.

“Alamu, yatseguka?”

“Yatseguka kudala, kalekale. Uganiza ise kuno ni kumudzi?”

“Mwaikonda sitayilo?”

“Ni ya ku Lusaka zoona,” ndinatero. Mumtima ndinkaona kuti ndi yachilendo, koma telala wa pamsika angatsutse bwanji fashoni ya mumzinda?

Mkazi wanga ataona pepalalo anangoti, “Atate ake Chisomo, aba si opeleka tiyi aba?” Ndinamuuza kuti za zovala azisiyira ife ophunzira. Ndinasoka ndi mtima wonse, mphonje iliyonse ndikuiwongola ndi simbi, ndipo madiresi anapita ku Nyimba. Atsikanawo anali azisuweni a kumudzi ku Mwape, ndiye atamva kuti ndi sitayilo ya ku Lusaka anavala osafunsa.

Esinati anafika ukwati uli mawa, n'kulowa m'manja mwa alangizi. Madiresi anawaonera pakhomo la tchalitchi. Anaima. Anayang'ana atsikana, anayang'ana ine. Manyazi amene ndinachita pamenepo sindinawachitepo chibadwire. Koma kwaya inali itayamba kale, choncho anakukuta mano n'kulowa.

Zenizeni zinachitikira kumadyerero. Atsikana asanayambe n'kuvina komwe, bambo wina wa kuchimuna anakodola mmodzi: “Iwe, tibweletseleko madzi osamba m'manja.” Bambo winanso anapatsira mtsikana wina mbale yakuda. Ana olemekeza akulu aja sanakane. Mmalo movina kutsogolo kwa mkwatibwi, anabalalika holo yonse ndi mabeseni ndi mathireyi, ndipo kunena zoona chakudya sichinayendepo mwadongosolo chonchija pa ukwati uliwonse umene ndinapitako. Apongozi ake a Esinati anaimirira n'kuyamika banja lathu chifukwa chobweretsa “anthu a kuhotela”. Esinati anaseka mpaka misozi, ngakhale sindikudziwa kuti misozi ina inali ya chiyani.

Sabata yotsatira ndinabwerera kwa amai Mwanza mutu uli pansi. Wokonza uja anali atabweradi mailo lake lomwelo. Fayilo ya Esinati inatseguka kamodzi kokha: diresi lalitali losavuta, lamba woyera m'chiuno, sitayilo imene ndakhala ndikusokera amayi a kwaya kuyambira ndili wophunzira. Chithunzi changa chija chinali cha mayi wina amene ankatsegula lesitilanti ku Nyimba, ndipo atamva mbiri ya ukwatiwo anadzandifuna yekha. Antchito ake ndimawasokera ndine mpaka pano.

Esinati anandikhululukira, pakuti mlamu sakwiyirana naye nthawi yaitali. Koma chaka chatha mwana wake woyamba ankalowa sukulu, ndipo ndinadzipereka kuti ndimusokere yunifomu. Esinati anakwera basi kuchokera ku Nyimba, anaika yunifomu ya mwana wa neba pathebulo langa kuti ndizionerapo, n'kukoka mpando.

“Sokani, alamu. Nili pano pamene mpaka mutsilize.”