Ndinakoka Malire ndi Ng'ombe Ziwiri

Tsitsani wailesiyo, a Zimba, minibasi ya ku Boma sibwera msanga, ndipo amene akufuna kuseka asekeretu, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Mwamumva wowerenga nkhani uja? Akuti nduna yatsopano yoona za mayiko akunja ndi mwana wa kuno ku Lundazi, anakaphunzira kutsidya kwa nyanja, ndipo mfundo yake ndi yakuti oyandikana nawo ndiwo oyamba, malire asatsekedwe, mkangano uzithera pamphasa osati pamfuti. Kutsidya kwa nyanja kwa chiyani! Munthu ameneyu zonsezi anaphunzirira pabwalo panga pa Mwase, ine Gilimoti Phiri, ndipo ngati ndikunama njinga yangayi iphulike matayala onse awiri.

Nthawi imeneyo anali mphunzitsi chabe wochokera ku Mphamba, woonda ngati bango, nsapato peyala imodzi, ndipo ankagona m'kanyumba kanga ka kuseri chifukwa nyumba ya aphunzitsi inali itagwa denga. Ife tinkangomutcha a Ticha.

Inu mukudziwa kuti malire athu ndi Malawi alibe mpanda. Amatsata msana wa mtunda: madzi a mvula akatsikira kumadzulo ndi Zambia, akatsikira kum'mawa ndi Malawi. Tsono msana umenewo unkadutsa pakati penipeni pa bwalo langa, nyumba ku Zambia, khitchini ku Malawi, moti nkhuku zanga zinkagona dziko lino n'kumakaikira mazira dziko linalo.

Chaka china, mvula ili pafupi, anzanga anabwera kudzamwa mowa, ndipo ine pofuna kuoneka wopatsa ndinatenga mtedza wa mbewu wa mkazi wanga Nabanda, chalimbana wosankha yekha mmodzimmodzi, mbewu imene anachoka nayo kwa amayi ake ku Kasungu, n'kukazinga wonse. Nabanda sanalalate ayi. Anangopinda mphasa yake, kuyenda mapazi khumi, kulowa m'khitchini, n'kunena kuti, "Ndabwerera kwathu. Wondifuna abwere ndi mawu."

Mawu akewo ndinkawadziwa, ndi pepani basi. Koma ine Gilimoti, munthu amene ndinkaimitsa ng'ombe yolusa ndi diso lokha, ndikagwade pamaso pa nkhuku zanga zomwe? Panapita masabata atatu. Ndinkamuona akupeta, ndinkamumva akutsokomola, koma moni wokha panalibe, ndipo sindibisa, mtima unkandiwawa kwambiri. Kenaka kunamveka kuti alongo ake akubwera Loweruka kudzamutenga, ukwati wonse n'kuthera pa mtedza.

Lachisanu m'mawa ndinati, ngati mkazi sabwera ku Zambia, Zambia ipite kwa mkazi. Ndinamanga ng'ombe zanga ziwiri, Bantomu ndi Sitima, ndinakumba pamsana paja mpaka khasu linagunda malire enieniwo, ali gone ngati muzu wa mkuyu, onenepa ngati ntchafu yangayi, ozizira, ndinawakoleka tcheni cha pulawo, ndinalavulira m'manja, ndinakuwa kamodzi, ng'ombe zinajijirika, nthaka inalira ngati chitseko chakale, ndipo madzi amene ankayenda m'ngalande anaima, anaganiza pang'ono, n'kutembenukira kumadzulo. Khitchini inalowa m'Zambia. Mukumva?

Nabanda anangonyamula mphasa n'kukakhala patsinde pa mango, mapazi ena khumi. Ndinakokanso. Anapita kuchitsime. Ndinakokanso. Anapita kwa azakhali ake, ine pambuyo, iye osathamanga n'komwe, kumangoyenda mwaulemu mphasa ili pamutu, moti pofika masana ndinali nditakoka midzi isanu ndi iwiri, tchalitchi chimodzi abusa ali mkati, mitsinje itatu nsomba zake zikusambira chambuyo, wapolisi wa ku Malawi amene ankaodzera atatsamira mtengo anadzidzimuka akulondera dziko la eni, anyamata osewera mpira anapeza kuti golo imodzi ikufunika chiphaso, ng'ombe zanga zikutuluka utsi m'mphuno mpaka fodya wa anthu m'manazale anauma tsiku lomwelo, ndipo phiri la Kasungu lenilenilo linayamba kupendekera kuno. A Zimba, musapukuse mutu, inu munali ku migodi nthawi imeneyo, simunaone kanthu.

Asilikali a mbali zonse ziwiri anafika, awa uku, awa uko, ine pakati ndi tcheni changa. Pamenepo ndi pamene a Ticha anatulukira, choko chili m'manja, thukuta lili chuchuchu. Sanakweze mawu. Anabwereka mphasa m'midzi imene ndinakokayo, anakhazika asilikali onse pansi, anawafunsa za kwawo, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti wamkulu wa uku ndi wamkulu wa uko anakwatira pachibale. Atatero anabwera kwa ine.

"Monire, adada. Mwakoka dziko lonseli. Kodi mawu amodzi aja ndi olemera kuposa pamenepa?"

"A Ticha," ndinatero ine, "sindingapepese mkazi mayiko awiri akuonerera."

"Yewo, ndamva, adada," anangotero, n'kunyamuka.

Anayenda pakati pa ine ndi Nabanda maulendo makumi anayi, kwa iye akagwada, kwa ine akagwada, osanyoza uyu, osakometsera uyo, mpaka nsapato zija zinatha, anatsala ndi zingwe zokha. Dzuwa likupendeka ndinangoona Nabanda akubwera, mphasa ili m'khwapa. Anaima pamaso panga n'kunena motsitsa, akunditchula ndi dzina la mwana wathu woyamba, "Mawu anu ndawamva, bambo a Tisa. Ndakhululuka." Ndinamasula tcheni, malire anabwerera thwaa ngati legeni, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero ali okhotakhota chonchija. Kafunseni mapu a kusukulu ngati mukuti ndikunama.

Tsono akamanena pa wailesi kuti oyandikana nawo ndiwo oyamba, musaganize kuti ndi zolankhula za anthu a mataye. Munthuyo ndikumudziwa. Mukamuika pakati pa mayiko awiri okwiyirana adzayenda mpaka nsapato kutha, sadzatopa, ndipo aliyense adzabwerera kwawo akuganiza kuti wapambana ndi iyeyo. Boma latsopanoli pamenepa lokha lasankha bwino.

Koma poti mwakhala chete, ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Mawu amene Nabanda anamva aja sanali anga. Ine sindinatume pepani aliyense. A Ticha anangowapeka panjira. Anandiuza okha tsiku limene ankasamuka, katundu ali kale pangolo: "Adada, ndinawanena m'malo mwanu. Tsiku lina mudzawanene nokha." Ndinati mawa. Nabanda anakapempha mbewu ina kwawo, tinalima, tinakolola, ana anakula, ine ndikungoti mawa, ndipo nthawi zina ankauza amayi anzake monyadira kuti mwamuna wake ndi wouma mutu koma amadziwa kupepesa. Ine ndinkamva ndili pakhonde, n'kumangoyang'ana pansi.

Nabanda tinamuika m'manda chaka chatha, fodya atangotha kugulitsidwa, kwawo tsidya lija. Anapita akukhulupirira zimenezo. Ine amene ndinakoka midzi isanu ndi iwiri ndi ng'ombe ziwiri, mawu amodzi okha anandikanika zaka zonsezo, ndipo zimandipweteka kuposa msana wangawu. Masiku ano ndimawanena, inde, Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndimapalasa njinga mpaka kumanda kwake, ndimagwada, ndimawanena mokweza ndithu. Kungoti kumene ali iyeyo kulibe a Ticha oti n'kukamufikitsira.