Mlatho Womwe Tinausiya ku Luwawa

Lolemba
Uthenga wafika: a Jere abwera Loweruka kudzatsanzika. Lamulungu mwana wawo akuwatenga kukakhala ku Mzuzu, akuti maso avuta. Ndiye nkhondo yathu ithe sabata ino basi!

Ine ndi a Jere tinali alonda a moto pa nsanja ku Luwawa. Kumwamba kuja kunali ife awiri, mphepo, ndi kawayilesi kolengeza nkhondo ya ku Iraq. Pa thabwa tinkajambula mtsinje ndi khala, asilikali nkukhala zitsekerero za mabotolo. Ndinkawagonjetsa mpaka mitengo ya paini kuwomba m'manja. Nkhondo yomaliza inaima pa mlatho, ntchito nkutha tisanadziwe mwini wake. Iwo mpaka lero amati unali wawo. Bodza!

Ndajambula dziko la nkhondo pa bwalo lonse la pakhomo pano pa Champhira. Zida:
akasinja, mabokosi a machesi
asilikali, zitsekerero
madroni (tindege topanda munthu) ngati a ku Ukraine, zitsononkho zomangirira ku ulusi

Akuluakulu a nkhondo aja akanandifunsa ine, bwenzi pano ali kumunda.

Lachiwiri
Kudzuka, dziko lonse palibe! Mayi a kunyumba asesa. Mtsinje, mlatho, mizinda iwiri, asilikali, zonse kudzala. Akuti, "Bwalo losasesa, anthu aziti ndinathawa ukwati?" Ndawauza kuti aphwanya malamulo a nkhondo. Akuti ndikasambe.

Pa nsanja panalibe tsache. Nchifukwa chake mitu inkagwira ntchito.

Lachitatu
Nkhondo yasamukira kuseri kwa khola la mbuzi. Mtsinje ndaukumba ndi khasu, wakuya bwino, tsache lichite manyazi. Masana a Nyirenda oyandikana nafe atulukira ndi achimwene awo. "Mbwenu mwayamba kusuntha malire dzuwa likuswa mtengo, aneba?" Ndafotokoza kuti uwu ndi mtsinje. Asuzumira. Mulibe madzi.

Ndakwirira ndekha iwo ataimirira. Akatswirife timati kubwerera m'mbuyo mwanzeru.

Lachinayi
Ku golosale kwatsala zitsekerero za pulasitiki zokha. Mphepo pang'ono, msilikali wathawa. Za kale zinali zachitsulo, ukaziika pa thabwa zinkayankha kuti ngwe!

Ndalemba usilikali mtedza kumbali yanga, chimanga kumbali ya a Jere. Ndangolowa m'nyumba kukamwa madzi. Nkhuku! Magulu onse awiri atha, palibe ngakhale wovulala. Tambala akuyenda pa mlatho ngati anamanga ndi iye.

Lachisanu
Ndapalasa njinga mpaka pa Jenda kukafufuza za nkhondo pa TV ya kometera tsitsi. Magetsi azima nditangokhala pansi. Wometa wandionetsa pa foni: kadroni kangati mbale ya ndiwo kakuphulitsa kasinja wamkulu ngati tchalitchi. Wokayendetsa akuti ali pa mpando, kutali, mwina akumwa tiyi.

Sizinandikomere. Nkhondo yanji yosamuona mdani kumaso? Ine a Jere ndinkawaona ndevu zikunjenjemera ndikawatsekera njira, kenako nkugawana mbatata yootcha imodzi.

Madroni anga ndawapereka kukhitchini, akolezere moto.

Loweruka
A Jere afika pa kabaza, ndodo kumanja. Andipapasa nkhope kuti atsimikize. "Mwakalamba chomene, a jenerale a mbuzi." Ndawauza kuti iwo ndiye afanana ndi nsanja ija, kungopendekeka koma osagwa.

Bwalo la nkhondo latsala lichero lobwereka kwa mayi. Asilikali ndi nyemba, zofiira zanga, zoyera zawo. Mlatho kamtengo ka machesi. Koma iwo sakuona kanthu. Akuti ndiziwauza zili pati, ndiziwasunthira ndine.

"Tumizani ena kumanzere." Ndatumiza. "Dikirani kaye." Ndadikira, ndikuseka. "Tsopano mlatho usiyeni, wolokani kumunsi." Kuti ndiyang'ane, zofiira zazunguliridwa. Mlatho wapita! Ndi dzanja langa lomwe!

Ndikanatha kunama, sakanaona. Lilime linali litavala kale nsapato. Koma apendeketsa mutu kudikira yankho, ndendende mmene ankamvetserera kawayilesi kaja. Ndati, "Mwautenga, a Jere."

"Yewo," atero. Apisa m'thumba, atulutsa chitsekerero chadzimbiri, jenerale wawo wa ku Luwawa. "Sungani. Ku Mzuzu kulibe wabodza ngati inu woti ndizimenyana naye."

Lamulungu
Galimoto yawatenga m'mawa. Ndakweza dzanja mpaka pa msewu waukulu, kenako nkukumbukira kuti sakundiona.

Mayi alanda lichero. Magulu onse awiri alowa mumphika umodzi, tadyera masana. Jenerale wadzimbiri ali pa windo.

Mlatho ndi wa a Jere. Chabwino. Koma zidziwike kuti chondigonjetsa ndi dzanja langa, munthu wina sanandigonjetsepo.

Bwalo mawa asese.